Tsiku limene Kachulu analuma mwana wa mlongo wanga

Linali Loweruka, mwezi wa Ogasiti chaka chatha, nyengo ya mphepo ndi fumbi kuno ku Matawale. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikumata chubu cha njinga, mayi a kunyumba ali kukhitchini. Ndinangomva mfuu umodzi wokha, kenako zii. Mwana akagwa amalira mopitiriza, koma uku kunali kukuwa kodukiza. Ndinaponya pampu pansi n'kuthamangira kukhonde.

Ndinapeza mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 6, ataima atagwira mkono wake wamanja, maso ali tong'o, kulira kukumukanika. Magazi ankatsika mpaka pachigongono n'kumadontha pasimenti. Galu wathu Kachulu anali atalowa kunsi kwa benchi, mutu ataupendeketsa mbali imodzi, thupi lonse likunjenjemera. Sanathawe ndipo sanauwe.

"Amalume, ndimangofuna kumukumbatira." Ndi mawu oyamba amene mwanayo anatulutsa, ndipo mpaka lero amandibwererabe m'makutu.

Kachulu si galu wachilendo pakhomo pano. Anabwera mu 2017 ali kamwana kosatha n'kuuwa komwe, m'katoni ya sopo, pakaliyala wa mnzanga wina wogulitsa nsomba amene anamutenga kudoko la Kachulu kunyanja ya Chilwa. Dzinalo linachokera kumeneko. Mwana wanga womaliza anaphunzira kuyenda atagwira msana wa galu ameneyu. Nkhuku zinkajompha m'mbale yake iye akuyang'ana. Zaka 7 zathunthu sanakandepo munthu ngakhale ndi chikhadabo. Ndiye tsiku limenelo ndinangoti kakasi, ngati ndikuona galu wa eni.

China chimene chinandilemera n'chakuti mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako. Achemwali anamutumiza kuchokera ku Thondwe kuti adzakhale nafe pa holide, podziwa kuti kwa amalume ake palibe chingamuchitikire. Ndipo amene anamuvulaza ndi galu wanga, pakhonde panga.

Mwamwayi mayi a kunyumba nzeru sizinawathawe ngati ine. Anamunyamula mwanayo mpaka pampopi wa panja, n'kutsegula madzi, n'kuyamba kutsuka balalo ndi sopo wochapira. Anandiuza kuti nditenge foni ndiwerenge mphindi 15, osachepera. Panali mabowo awiri a mano kumtunda kwa mkono ndi mkwawu umodzi kunsi. Mwana analira tsopano, kulira kwenikweni, ndipo mphindi 15 zimenezo zinatalika ngati tsiku lonse. Mayi wina woyandikana nafe anabwera akuthamanga n'kunena kuti timete ubweya wa galuyo, tiuwotche, phulusa lake tipake pabala pamodzi ndi mchere. Mayi a kunyumba anawathokoza koma sanasiye kutsuka. Zimenezi anazimva kwa ana athu, amene anaphunzitsidwa kusukulu ndi anthu a katemera wa agalu: kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a galu, ndipo sopo ndi madzi oyenda amachotsa kambiri kasanalowerere m'thupi. Phulusa silichotsa kanthu, limangowonjezera litsiro.

Tinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka kuchipatala. Kumeneko anatsukanso balalo, sanalisoke, anati bala la galu salitseka msanga chifukwa limatsekera tizilombo mkati. Anamubaya jakisoni wa kafumbata, anamupatsa mankhwala akumwa oteteza kuti bala lisachite mafinya, ndipo anamuyambitsa katemera wa chiwewe tsiku lomwelo. Masiku obwereranso anawalemba m'buku lake la kuchipatala. Anandifunsa ngati galuyo anabayidwa katemera. Ndinali nditatenga kakhadi kake m'thumba. Kuyambira pamene bungwe lobaya agalu katemera wa chiwewe la Mission Rabies, limene linayamba ntchito yake ku Blantyre mu 2015, linafika kuno ku Zomba, Kachulu sanaphonyepo. Chaka chilichonse ankabwerako atamupaka utoto pamphumi. Adokotala anayang'ana khadilo n'kunena kuti n'zolimbikitsa, komabe mwana apitirize jakisoni ndipo ine ndikaonane ndi a za ziweto Lolemba.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinkadziwa kuti chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu, mankhwala ake palibe. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a iwo ku Africa kuno ndi ku Asia, ndipo pa anthu 10 aliwonse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, pafupifupi 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Manambala amenewa ndinkawadziwa kale, koma usiku umenewo anali ndi nkhope ya mwana amene ankagona chipinda chinacho, mkono atamumanga bandeji.

Lamulungu m'mawa achemwali anafika, pamodzi ndi amuna awo ndi amayi athu. Alamu sanakhale n'komwe pansi. "Alamu, galu ameneyu asagone lero. Mukapanda kumupha inuyo, ndimupha ndine." Sindingawadzudzule. Akanakhala mwana wanga, ndikanayankhula chimodzimodzi. Ndipo kunena zoona, mumtima mwanga ndinali nditavomera kale. Galu amene walawa magazi a munthu sasiya, ndi mmene tonse tinakulira tikumva.

Amayi anali chete nthawi yonseyo, atakhala pamkeka, mdzukulu wawo ali pamiyendo. Kenako anati, "Galu wamkota sakandira pachabe. Zaka zonsezi ali pano, lero n'chiyani? Yambani mwafunsa kaye." Anapitiriza kunena kuti ngati galuyo wachita chiwewe, tikamupha lero tidzadziwa bwanji? Alamu anangoti ndwii, koma mawu a apongozi awo sanawatsutse. Tinagwirizana kuti tidikire a za ziweto.

Adokotala a ziweto anabwera Lolemba masana panjinga yamoto. Kachulu tinali titamutsekera m'kachipinda kosungiramo makala. Choyamba anatiuza n'chakuti galuyo akhale motsekeredwa masiku 10, osatuluka, osakhudzana ndi munthu kapena nyama ina. Anafotokoza kuti galu amene anali ndi kachilombo ka chiwewe m'malovu pa tsiku limene waluma sapitirira masiku 10 asanadwale moonekera kapena kufa. Anatiuza zoyang'anira: dovu lotuluka mosalekeza, mawu kusintha, kuluma chilichonse ngakhale matabwa ndi miyala, nsagwada kulendewera, miyendo yakumbuyo kufooka, kukana chakudya.

Kenako anasuzumira pazenera kwa kanthawi ndithu osayankhula. "Bambo, mutu wayamba liti kuupendeketsa chonchi?" Ndinayankha kuti sindikukumbuka, mwina miyezi iwiri kapena itatu. "Nanga fungo ili mukulimva?" Ndinali ndikulimva kwa milungu ingapo, koma ndinkangoti ndi fungo la galu wosasamba. Iwo anati limeneli ndi fungo la khutu lodwala, ndipo khutu la kumanzere lija latupa mpaka mkati. Ndinafunsa mwana uja mbali imene anamugwira. Anali atabwera kumbuyo kwake galuyo ali m'tulo, n'kumukulunga mikono m'khosi, n'kutsamira tsaya lake pakhutu lomwelo la kumanzere.

Funso lotsatira ndi limene linandigwetsa nkhope. "Asanalume, sanayambe wakuchenjezanipo?"

Anatichenjeza. Mwezi wa Meyi mwana wanga wamwamuna anamusisita kumutu, Kachulu n'kudzuma, kaphokoso kaja ka pansi pa mmero. Ine ndinali pomwepo. Ndinatenga mtengo wa tsache n'kumukwapula, ndikunena kuti galu wanga sangadzumire mwana wa pakhomo. Mu Juni anadzumiranso mayi a kunyumba pamene ankaweramira kuti atenge mbale yake. Ndinamumenyanso, ulendo uno kwambiri. Kuchokera pamenepo sanadzumenso, ndipo ine ndinkadziona ngati ndamuphunzitsa mwambo. Nditafotokoza zimenezi, adokotala aja anapukusa mutu. "Ndiye munachotsa hutala, bambo, koma galimoto ikuyendabe." Anati kudzuma ndi njira ya galu yonenera kuti chonde taima, zikundiwawa, kapena ndikuopa. Ukamumenya chifukwa chodzuma, ululu uja sunachoke, mantha awonjezeka, chimene waphunzira n'chakuti kuchenjeza kumabweretsa ndodo. Ulendo wina amangodumpha chenjezo n'kufikira mano.

Ndipo kudzuma si chenjezo loyamba. Galu asanafike pamenepo amakhala atayesa njira zambiri zimene ife sitiziwerenga. Amayasamula pamene alibe tulo. Amanyambita mphuno kapena milomo pamene palibe chakudya. Amatembenuzira mutu kumbali, n'kumakuyang'ana chammbali mpaka choyera cha diso kuonekera. Amadzuka n'kusamukira pena. Makutu amawagoneka kumbuyo, mchira n'kuulowetsa pakati pa miyendo. Chomaliza, thupi lonse limangoti gwa, osagwedezeka, pakamwa atatseka. Adokotala akufotokoza izi, ine ndinkangoona Kachulu wa miyezi itatu yapitayo. Nthawi zonse ana akayandikira ankadzuka n'kupita kukagona kuseri kwa thanki. Ife tinkati wayamba ulesi wa ukalamba, ndipo ana ankamutsatira komweko.

Pali chinanso chimene ndiyenera kuulula, nkhani ya tcheni. Mu Januwale chaka chomwecho munthu wina wa m'dera lathu anadandaula kuti agalu akumugwirira anapiye. Sindikudziwa ngati anali Kachulu, koma pofuna mtendere ndinagula tcheni n'kuyamba kumumangirira masana onse patsinde pa mtengo wa mango, pafupi ndi mpanda. Kunja kwa mpandawo kuli kanjira kamene ana amadutsa poweruka kusukulu. Ena ankamugenda, ena ankalowetsa timitengo pampata wa mpanda. Galu womasuka akaona zotere amangochokapo. Wa patcheni alibe kothawira, chimene watsala nacho ndi mano okha, ndipo tsiku lililonse ankaphunzira kuti mwana akayandikira, chotsatira ndi ululu. Pansi pa mango pomwepo, nthawi ya dzinja, ntchentche zinamudya nsonga za makutu mpaka zilonda. Ndinachita zimene aliyense amalangiza, ndinamupaka oilo wakuda wa galimoto. Ntchentche zinachepa masiku angapo, koma iye anayamba kukanda ndi kukupiza makutu usiku wonse. Oilo ameneyo si mankhwala, amawotcha khungu, ndipo galu akamunyambita amadwala naye.

Pano ndiimepo pang'ono, chifukwa zimandipweteka mtima ndikamayenda m'makwalala a Matawale, Chinamwali kapena Chikanda. Ambiri a ife timaweta galu chifukwa cha akuba, ndipo n'zomveka. Koma taonani mmene timapangira galu wolusa. Kumutsekera m'kabokosi ka malata masana onse dzuwa likuswa mtengo, kumumana chakudya kuti akwiye, ena mpaka kumuthirira tsabola kapena chamba m'nsima. Galu wotero sasanduka mlonda wanzeru, amasanduka nyama yamantha, ndipo sadziwa kusiyanitsa wakuba ndi mwana wa neba amene wabwera kudzatola mpira. Chimene chimathamangitsa wakuba ndi kuuwa, ndipo galu wokhuta, wokondedwa, wodziwa anthu a pakhomo pake amauwa bwino lomwe. Kachulu ankauwa usiku zaka zonse zija asanalawepo tcheni, ndipo palibe anatibera ngakhale ndowa.

Masiku 10 aja ndinkawachonga pakalendala ya kukhitchini. M'mawa ndi madzulo ndinkamulowetsera nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi bonya pansi pa chitseko, mkati mwa mbamu nditabisamo mapiritsi amene adokotala anasiya, opha ululu ndi olimbana ndi matenda a m'khutu. Ankadya, ankamwa madzi. Pofika tsiku lachinayi anayamba kugwedeza mchira akamva mapazi anga. Tsiku la 10 linakwana ali bwinobwino. Ndinaimbira foni achemwali, ndipo ndinamva akupumira m'mwamba. Mwana anapitabe kukabayitsa monga anamulembera kuchipatala, ifeyo sitinadzidulire tokha.

Atabweranso adokotala a ziweto anamubaya Kachulu jakisoni wogonetsa kuti aone khutulo bwino. Ndinagwira tochi. Zimene zinatuluka mmenemo sindidzaziiwala: phula lakuda ngati matope a m'dambo, mafinya, ndi khungu lofiira ngati nyama yaiwisi. Anandionetsa kuti njira ya m'khutu la galu siyowongoka ngati yathu, imatsika pansi kenako n'kukhota kulowa mkati, ndiye chinyezi ndi litsiro zikalowa sizituluka zokha. Ali chigonere anamuyang'ananso m'kamwa n'kupeza dzino limodzi lakumbuyo litang'aluka, mwina ndi mafupa kapena poluma tcheni. Anapindanso miyendo yakumbuyo n'kunena kuti m'chiuno mwayamba kuuma, zimene zimachitika kwa agalu akamakula, makamaka nyengo yozizira ngati ya chiperoni. Galu ameneyu ankayenda ndi ululu malo atatu, ife osadziwa. Iwo anati galu wamkulu amene wakhala wofatsa moyo wake wonse akasintha khalidwe mwadzidzidzi, choyamba kufufuza ndi matenda, zophunzitsa zibwere pambuyo.

Vuto linali lakuti m'khutumo munkafunika kudontheza mankhwala kawiri pa tsiku kwa milungu iwiri, ndipo galu amene khutu likumuwawa sangakulole. Apa m'pamene tinagula chovala cha pakamwa, chija chooneka ngati kadengu, chimene mnzanga anandigulira ku Blantyre. Sindinamuveke mokakamiza. Adokotala anandilangiza kuti ndipake chiponde mkati mwake n'kungochigwira m'manja. Tsiku loyamba anangochinunkhiza n'kubwerera m'mbuyo. Lachiwiri analowetsa mphuno yekha n'kuyamba kunyambita. Ndinapitiriza choncho, kenako ndinkamanga lamba kwa kamphindi n'kumasula, mpaka anafika pomati akaona kadenguko amabwera yekha. Pamasiku amenewo ankadalirabe mapiritsi. Kadengu kotere kamamulola kutsegula pakamwa n'kupuma bwino, kusiyana ndi kumumanga kukamwa ndi chingwe kapena nsanza, zimene zingamuphe kukatentha chifukwa galu amadziziziritsa ndi wefuwefu wa pakamwa. Timamuveka pomuthira mankhwala ndi popita naye kokabayitsa basi, osati kumusiya nako tsiku lonse.

Nkhani ya mbale inatenga nthawi yaitali kuposa khutu. Anzanga ena ankandiuza kuti ndizimulanda mbale akudya kapena kupisamo dzanja, kuti adziwe mwini khomo ndani. Ndinakana, chifukwa ndinali nditaona kale kumene nzeru zoterozo zinandifikitsa. Galu amene amateteza chakudya amaopa kulandidwa, ndiye ukamulanda ukungomutsimikizira kuti mantha ake ndi oona. Ndinachita zosiyana. Iye akudya, ndinkadutsa patali, mwina mapazi asanu, n'kumuponyera kathemba kamodzi pafupi ndi mbale, osaima, osamuyang'ana. Masiku oyamba ankangouma thupi, mutu uli m'mbale, diso lili pa ine. Patatha mlungu anayamba kudzutsa mutu ndikamabwera, mchira ukugwedera, kudikira kathembako. Pamenepo ndinayamba kufupikitsa mtunda pang'onopang'ono. Ndikaona thupi lauma, ndinkadziwa kuti ndafulumira, mawa lake ndinkabwerera pamtunda wakale. Akatola chinthu chimene sindikufuna, monga fupa la nkhuku, sindimuthamangitsa. Ndimamuonetsa chinthu chokoma kuposa chimenecho, akasiya chija n'kupita kuchatsopanocho ndimatola. Ntchito imeneyi ndinkaichita ndekha kapena mayi a kunyumba. Ana sindinawalole, ndipo mpaka pano sindiwalola.

Tcheni chija ndinachichotsa, pano chimamangira geti. Kuseri kwa nyumba, kutali ndi kanjira ka ana asukulu, tinatchinga malo ndi waya wolimba, muli mthunzi, khola lofolera bwino ndi thumba lakale logonapo kuti chiuno chisamazizidwe pasimenti. Amadyera mmenemo chitseko chili chotseka. Pakabwera alendo, makamaka okhala ndi ana, amalowa mmenemo alendowo asanakhale pansi, ndipo chitsekocho chili ndi loko, kiyi amakhala m'thumba mwanga. M'mawa uliwonse, kusanatenthe, ndimayenda naye pachingwe chammbali mwa msewu wa ku Jali, phiri la Zomba likadali ndi nkhungu pamwamba. Amanunkhiza chitsamba chilichonse ndipo ndimamusiya. Ndinazindikira kuti tsiku limene wayenda amagona bwino ndipo sadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse.

Ana anga zinawavuta kumvetsa. Wamng'ono uja analira, akuti bwanji mukundiletsa kugona pamimba pa Kachulu pamene ndakhala ndikutero kuyambira kale. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti Kachulu wakula ngati agogo, ndipo agogo akagona sitiwadumphira. Tinagwirizana kuti galu akagona sakhudzidwa, akamadya sayandikiridwa, ndipo sakumbatiridwa m'khosi ngakhale ali maso. Ukafuna kucheza naye umuitane, akabwera yekha umusisite pachifuwa kapena paphewa, akachoka umusiye apite. Ife anthu kukumbatira ndi chikondi, koma kwa agalu ambiri kuli ngati kupanikizidwa. Amangopirira, ndipo tsiku limene thupi likuwawa kupirirako kumatha.

Sindinganame kuti zonse zinayenda myaa. Mu Novembala, kutentha kuja kwa mvula isanagwe, mwana wanga wamwamuna anadutsa pafupi ndi pamene Kachulu anagona n'kumukhudza ndi phazi mwangozi. Ndinamva kudzuma. Mtima unagunda kwambiri, ndipo dzanja langa linafuna kufunafuna ndodo monga kale. Koma mnyamatayo anangoima, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono monga tinaphunzirira, Kachulu n'kudzuka kupita kukhola kwake. Palibe anamenyedwa, palibe analumidwa. Madzulo ake nditamuveka kadengu n'kuyang'ana m'khutu, ndinapeza mwayambanso kufiira. Tinaitana adokotala, tinayambiranso mankhwala. Tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu kuti hutala ija yabwerera.

Sindikunena kuti galu aliyense woluma asungidwe. Ndinawafunsa adokotala aja mosabisa, ndipo anandiyankha mosabisanso. Anati amayang'ana kuzama kwa bala, ngati galu analuma kamodzi n'kusiya kapena anagwira n'kumagwedeza mobwerezabwereza, ngati chifukwa chake chikudziwika ndipo chingachotsedwe, komanso ngati pakhomopo angathe kumulekanitsa ndi ana tsiku lililonse osaphonya. Kachulu analuma kamodzi n'kuthawira kunsi kwa benchi, chifukwa chake chinapezeka, ndipo tili ndi malo omutchingira. Pali mabanja amene zinthu sizili choncho, nyumba ya lendi yopanda mpanda, ana aang'ono mbwee pabwalo limodzi, galu wamkulu amene waluma kangapo. Banja lotero likasankha kuti galu aphedwe, ine sindingaliloze chala. Chimene ndimakana ndi njira zathu zija, kumugenda mpaka kufa, kumuthirira poizoni amene mawa adyanso galu wa neba kapena nkhuku, kapena kukamutaya kutali kuti akakhale vuto la anthu ena amene sakudziwa mbiri yake. Adokotala a ziweto ali ndi jakisoni amene galu amangogona n'kufa osamva ululu.

Ndi alamu tinapangana pamaso pa amayi. Kachulu akadzalumanso munthu, ndidzaitana adokotala ndekha, ndipo sipadzakhalanso kukambirana. Pangano limeneli ndimalikumbukira tsiku lililonse ndikamatseka loko uja. Alamu sanabwererebe mwakale ndi ine pa nkhani imeneyi, ndipo achemwali anatenga miyezi inayi asanalole mwana wawo kupondanso pakhomo pano. Ndalama za jakisoni ndi mayendedwe ndinalipira ndine, koma zipsera ziwiri zili pamkono pa mwanayo palibe ndalama ingazifufute.

Anabwera pa Khirisimasi, atagwira chitenje cha mayi ake. Kachulu anali kale kuseri kwa waya. Mwanayo sanafune kutsika pakhonde, ndipo palibe anamukakamiza. Tsiku lachiwiri madzulo ndinamuona ataima pakona ya nyumba, patali ndithu, akuyang'ana galuyo akumwa madzi. Ndinapita kukaima pambali pake osanena kanthu.

"Amalume, khutu lake lija linapola?"

Ndinati linapola, koma timaliyang'anabe mlungu uliwonse.

Anakhala chete, kenako anapempha kathemba. Ndinamupatsa. Anaponya ali pomwepo, kanagwera kunja kwa waya, sikanafike. Ndinakatola n'kukamuponyera Kachulu mkati, iye akuonerera. Anapempha kena.